Matenda a siliyaki: pamene chitetezo cha m'thupi chilimbana ndi tirigu

Pali anthu ena amene mkate wa tirigu umawaonongera matumbo pang'onopang'ono. Mkatewo si woola ndipo mulibe poizoni; munthu wina atadya chidutswa chomwecho sangamve kanthu. Vuto lili m'thupi la wodyayo. Chitetezo chake cha m'thupi, chomwe ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda, chimaona puloteni ina ya mu tirigu ngati mdani, ndipo pothamangitsa mdaniyo chimagumula nyumba yake yomwe. Madokotala amawatchula matendawa kuti coeliac disease, koma ife m'nkhani ino tiziti siliyaki. Puloteni yoyambitsa nkhondoyo ndi giluteni.

Kafukufuku wa mu 2018, amene adasonkhanitsa zotsatira za m'maiko ambiri, adapeza kuti anthu pafupifupi 14 mwa 1,000 alionse ali ndi chizindikiro cha matendawa m'magazi, ndipo 7 mwa 1,000 ndi amene atsimikizika poyeza matumbo. Kale anthu ankati ndi matenda a Azungu okha. Maganizo amenewa adagwa mu 1999 pamene dokotala wa ana wa ku Italy, Carlo Catassi, pamodzi ndi anzake, adayeza ana a mtundu wa Saharawi, a ku chipululu cha Sahara, nkupeza kuti ana oposa 5 mwa 100 alionse adali ndi chizindikirocho. Matendawa amapezekanso kwambiri kumpoto kwa India, kumene chapati ndiye nsima yawo. Kwathu kuno chimanga chatitchinjiriza popanda ife kudziwa. Koma m'matauni mwathu buledi, mandasi, sikono ndi mabanzi zalowa pa tebulo la tsiku ndi tsiku, abale athu ambiri akukhala ku South Africa ndi ku Britain kumene tirigu ali m'chakudya chilichonse, ndipo mkate umene timaupereka pa guwa ndi wa tirigu. Choncho nkhaniyi siili kutali nafe monga momwe tingaganizire.

Giluteni ndi matumbo

Amayi odziwa kukanda ufa wa mandasi aidziwa kale giluteni ngakhale sadamve dzina lake. Mukakanda ufa wa tirigu nkumautsuka m'madzi mpaka zoyera zonse zitachoka, m'manja mumatsala chinthu chonanda, chotamuka ngati mphira. Chimenecho ndicho chimagwira mpweya kuti buledi atupe, ndipo nchifukwa chake ufa wa mgaiwa sungatupe chimodzimodzi. Mu tirigu giluteni ali ndi magulu awiri a mapuloteni, gliadin ndi glutenin. Mbewu za balere ndi rayi zili ndi mapuloteni apachibale nawo, ndipo kwa wodwala siliyaki zonsezi ndi chimodzimodzi.

Puloteni iliyonse ili ngati mkanda wa timikanda ting'onoting'ono totchedwa maamino asidi. Pogaya chakudya, madzi a m'chifu ndi m'matumbo amadula mkandawo mpaka kutsale kamodzi, tiwiri kapena titatu, ndipo thupi limatenga tizidutswato popanda mkangano. Giluteni ndi wouma mutu. Ali ndi maamino asidi awiri ochuluka zedi, proline ndi glutamine, ndipo maenzaimu athu ogaya chakudya amalephera kudula pafupi ndi proline. Motero zidutswa zazitali zimafika m'matumbo zili zathunthu. Mu 2002 gulu la Chaitan Khosla, pa yunivesite ya Stanford ku America, lidaonetsa chidutswa chimodzi cha maamino asidi 33 chomwe chimadutsa m'chifu ndi m'matumbo osadulika. Tiyenera kumvetsa kuti izi zimachitika mwa munthu aliyense wodya buledi. Kusagayika kwa giluteni pakokha si matenda.

Mkati mwa matumbo aang'ono muli timinofu tosawerengeka toimirira ngati tizala, tomwe madokotala amati villi. Chifukwa cha timeneti, malo oyamwira chakudya amakula mpaka masikweya mita pafupifupi 30. Chomwe chimalekanitsa chakudya ndi mkati mwa thupi ndi mzere umodzi wokha wa maselo, umene umasinthidwa ndi maselo atsopano pa masiku 3 mpaka 5 alionse. Kuseri kwa mzerewo kuli khamu lalikulu la asilikali a m'thupi. Ntchito yawo ndi yovuta kuposa ya mlonda wa pa chipata cha msika, amene ayenera kulola ogulitsa ndi ogula kulowa koma kugwira wakuba. Kuyambira ukhanda, chitetezo chimaphunzira kulekerera nyemba, mkaka, nsomba ndi zina zonse. Siliyaki ndi pamene phunziro limeneli lasokonekera pa chakudya chimodzi chokha.

Mmene nkhondo imayambira

Zidutswa za giluteni zikadutsa mzere wa maselo uja, zimakumana ndi enzaimu ya thupi lathu lomwe yotchedwa transglutaminase. Ntchito yake yeniyeni ndi yabwino: imathandiza kulumikiza mapuloteni pokonza minofu yovulala. Koma ikapeza chidutswa cha giluteni imasintha ena mwa ma glutamine aja kukhala glutamic acid. Kusinthaku ndi kwakung'ono, koma kumapatsa chidutswacho mphamvu yomamatira, monga chitsulo chimamatira ku maginito.

Chimamatira ku chiyani? M'thupi muli maselo amene ntchito yawo ndi kutola tizidutswa ta zinthu zomwe akumana nazo nkukationetsa kwa maselo a T, omwe ndi akuluakulu a nkhondo. Poonetsapo amaika kachidutswako pa timbale tina totchedwa HLA, tomwe tili pa khungu la selo. Mtundu wa timbale ta munthu umachokera kwa makolo ake, m'chibadwa chomwe asayansi amati majini (liwuli lisatisokoneze ndi majini a nthano za mizimu). Pali mitundu iwiri ya timbaleti, DQ2 ndi DQ8, imene mpata wake umakwanirana bwino lomwe ndi giluteni wosinthidwa uja. Odwala siliyaki pafupifupi 9 mwa 10 alionse ali ndi DQ2, ndipo otsalawo ambiri ali ndi DQ8. Ludvig Sollid wa ku Oslo, m'dziko la Norway, ndiye adalozera ku DQ2 mu 1989, ndipo mu 1998 magulu a ku Oslo ndi ku Leiden adaonetsa kuti transglutaminase ndiyo imanola chidutswacho kuti chigwire mwamphamvu.

Chidutswa chikakhazikika pa kambale kwa nthawi yaitali, maselo a T a mtundu wa CD4 amachizindikira. Awa ndi maselo omwe aja timawamva ku chipatala pokamba za kachilombo ka HIV. Kumeneko vuto ndi kuchepa kwawo, pamene kuno vuto ndi changu chawo pa mdani wolakwika. Amachulukana, ndipo amatulutsa timadzi ta uthenga, makamaka interferon gamma ndi interleukin 21, toitana ndi kukwiyitsa asilikali ena. Minofu ikayamba kutupa ndi kuvulala, transglutaminase yambiri imadzuka kudzakonza, ndipo podzukapo imasinthanso giluteni wochuluka. Moto umadzipezera wokha nkhuni, malinga ngati munthuyo akudyabe tirigu.

Gulu lachiwiri ndi maselo a B, opanga maantibodi. Ena amapanga maantibodi olimbana ndi giluteni wosinthidwa, ndipo izi nzomveka. Chodabwitsa nchakuti ena amapanga olimbana ndi transglutaminase, yomwe ndi ya thupi lomwelo. Walburga Dieterich ndi Detlef Schuppan, ku Berlin, ndiwo adazindikira mu 1997 kuti enzaimu imeneyi ndiyo chandamale cha maantibodi a odwala siliyaki. Akatswiri amafotokoza motere. Selo ya B yodana ndi chinthu cha thupi lake siingachite kanthu popanda chilolezo cha selo ya T, ndipo mwa munthu wabwinobwino chilolezocho sichipezeka. Koma enzaimu ija nthawi zina imamatirirana ndi chidutswa cha giluteni chomwe ikugwirapo ntchito. Selo ya B imameza zonse ziwiri pamodzi, nkuonetsa pa kambale kake chidutswa cha giluteni. Selo ya T yodana ndi giluteni ikaona chimenecho imapereka chilolezo, osadziwa kuti yavomereza nkhondo yolimbana ndi mwini nyumba. Kufotokoza kumeneku kumamasuliranso chinthu china chachilendo: munthu akasiya giluteni, maantibodi olimbana ndi thupi lake amazilala m'miyezi yowerengeka, chifukwa wopereka chilolezo wakhala chete. Pa matenda ena onse amene thupi limadziukira lokha, monga shuga wa mtundu woyamba, palibe pamene tingachotse chinthu chimodzi pa mbale nkuona nkhondo ikutha. Nchifukwa chake asayansi amawerenga siliyaki ngati buku lophunzirira matenda enawo.

Komabe ogumula enieni si maantibodi. Pakati pa maselo a mzere uja pamakhala maselo a T a mtundu wina, CD8, ngati alonda ogona pa khoma penipeni. Maselo a matumbo akapanikizika amatulutsa interleukin 15 ndi kukweza pa khungu lawo zizindikiro za kuvutika, monga chotchedwa MICA. Alonda aja akalandira uthenga umenewu, pamodzi ndi wochokera kwa maselo a CD4, amasanduka akupha, ndipo amapha maselo a matumbo amene alibe kachilombo kalikonse. Magulu a Bana Jabri ku Chicago ndi Nadine Cerf-Bensussan ku Paris adafotokoza njira imeneyi mu 2004. Mu 2020 gulu la ku Chicago lidaonetsa pa mbewa za mu labotale kuti matumbo amagumuka pokhapokha giluteni, kambale koyenera ndi interleukin 15 zitakumana. Maselo akamafa msanga kuposa mmene akubadwira, tizala tija timafupika mpaka mkati mwa matumbo musalala. Dokotala wa ku Britain, Michael Marsh, adaika mu 1992 masitepe a kuonongekaku amene oyeza minofu amawatsatabe.

Chitetezo sichiiwala. Maselo a T odana ndi giluteni amakhalabe m'thupi zaka makumi ngakhale munthu asalawe tirigu. Kafukufuku wa mu 2019 adaonetsa kuti wodwala amene wakhala akusala, akadya giluteni, interleukin 2 imakwera m'magazi mwake pasanathe maola 4, ndipo ambiri amachita nseru ndi kusanza. Palibe mwana amene amakula nkuwasiya matendawa monga amasiyira chikuku.

Chibadwa chokha sichikwanira

Pakati pa anthu a ku Ulaya, 30 mpaka 40 mwa 100 alionse ali ndi DQ2 kapena DQ8, koma mwa amenewa ndi pafupifupi 3 okha mwa 100 amene amadwala. Timbale tija ndi khomo lotseguka, koma payenera kukhala china chokankhira munthu kulowa. Majini ena ambiri amathandizira, ndipo nchifukwa chake mwa makolo, ana ndi abale a bere limodzi a wodwala, pafupifupi mmodzi mwa 10 amapezeka nawonso. Matenda a m'mimba oyamba ndi mavairasi nawo akuganiziridwa: mu 2017 ofufuza adaonetsa pa mbewa kuti vairasi yotchedwa reovirus, yomwe yokha siidwalitsa kwenikweni, ikhoza kuchititsa chitetezo kuona giluteni ngati mdani. Ku Sweden, kuyambira 1984 mpaka 1996, chiwerengero cha ana aang'ono odwala chidakwera kwambiri pamene makanda ankapatsidwa zakudya za tirigu wochuluka mwadzidzidzi, ndipo chidatsika malangizo atasintha.

Kwa zaka zambiri amayi ankauzidwa kuti kuyamwitsa ndi kusankha bwino mwezi woyambira phala la tirigu kungateteze mwana. Kafukufuku awiri aakulu a mu 2014 adapeza kuti zimenezi sizichotsa chiopsezo. Kuyamwitsa kuli ndi ubwino wake wochuluka umene palibe akuutsutsa, koma mayi wa mwana wodwala siliyaki asadziimbe mlandu, ndipo achibale asamuloze chala.

Tisasokonezenso siliyaki ndi kuwengedwa ndi tirigu. Kumeneko kumagwira ntchito maantibodi a mtundu wina, IgE, ndipo munthu amatupa milomo, kutuluka zidzolo kapena kubanika m'mphindi zochepa. Aliponso anthu amene buledi amawatupitsa mimba koma matumbo awo ndi magazi awo zilibe chizindikiro cha siliyaki.

Mmene matendawa amaonekera

Mwa mwana wamng'ono, miyezi ingapo atayamba kudya za tirigu, pamabwera kutsegula m'mimba kosatha, chimbudzi chotuwa, chamafuta ndi chonunkha kwambiri, mimba yotupa, matako ndi miyendo yofota, kulira kosalekeza ndi kupinimbira. Mwa akuluakulu matendawa amabisala. Gawo loyamba la matumbo aang'ono, lomwe limaonongeka kwambiri, ndi lomwenso limayamwa ayironi, foliki asidi ndi kashiamu. Choncho munthu akhoza kungokhala ndi kuchepa kwa magazi kosamva mapiritsi, kutopa, mafupa ofooka, zilonda za m'kamwa, kuchedwa kutha msinkhu, kusabereka kapena kupita padera mobwerezabwereza, mimba ili chete. Ena amatuluka timatuza toyabwa koopsa pa zigongono, maondo ndi matako, matenda a khungu otchedwa dermatitis herpetiformis, pamene maantibodi akhala pa enzaimu yapachibale ya m'khungu. Siliyaki amapezeka kawirikawiri mwa anthu a shuga wa mtundu woyamba, a matenda ena a chithokomiro ndi a Down syndrome. Owerengeka chabe, makamaka achikulire amene matumbo awo sachira, amatha kudwala khansa ya maselo a T a m'matumbo.

Sing'anga wa Chigriki, Aretaeus wa ku Cappadocia, adalemba za matenda otere zaka pafupifupi 1,900 zapitazo, ndipo dzina la matendawa lidachokera ku liwu la Chigriki lotanthauza mimba. Samuel Gee wa ku London adawafotokoza bwino mu 1888 ndipo adaona kuti machiritso ali m'chakudya, ngakhale sadadziwe chakudya chake. Mu 1924 Sidney Haas wa ku New York adayamba kudyetsa ana odwala nthochi zambiri. Ana ankachira, ulemu nkupita kwa nthochi, pamene chochiritsa chidali kusowa kwa buledi m'zakudya zimene iye ankalola. Amene adagwira mbala ndi Willem Karel Dicke, dokotala wa ana wa ku Netherlands. Iye ankakayikira kale tirigu, ndipo njala ya nkhondo ya mu 1944 ndi 1945 idamupatsa umboni: buledi atasowa, ana odwala siliyaki adayamba kupeza bwino, ndipo atabweranso adadwalanso. Adalemba zimenezi mu 1950, ndipo pofika 1953 iye ndi anzake adali ataloza giluteni.

Kuyeza ndi kusala

Kuyeza kumayamba ndi magazi, kufunafuna maantibodi a mtundu wa IgA olimbana ndi transglutaminase. Amayezanso kuchuluka kwa IgA yense, chifukwa odwala 2 kapena 3 mwa 100 mwachibadwa alibe IgA wokwanira ndipo zotsatira zawo zinganame. Kenaka dokotala amalowetsa kapaipi ka kamera kudzera m'kamwa ndi kutapa timinofu ta m'matumbo. Ku Ulaya, kuyambira 2012, ana amene maantibodi awo akwera kuwirikiza kakhumi pamwamba pa malire akhoza kutsimikizika popanda kutapa minofu, malinga ngati kuyeza kwina kwa magazi kwavomereza. Chenjezo lalikulu ndi ili: munthu asasiye tirigu asanayezedwe. Akasiya, maantibodi amatsika, matumbo amayamba kuchira, ndipo umboni umafufutika.

M'maiko athu ano nzeru ina ikufunika. Matumbo osalala si a siliyaki yekha. Kachilombo ka giardia, HIV, chifuwa chachikulu cha m'mimba, kunyentchera, ndi kutupa kwa matumbo kobwera chifukwa cha madzi ndi malo osasamalika, zonsezi zimafupikitsa tizala tija, ndipo kwathu kuno nzofala kwambiri kuposa siliyaki. Mwana wotsegula m'mimba ndi kuonda apite ku chipatala kuti zimenezi ziyambe zafufuzidwa. Ganizo la siliyaki libwere pamene mankhwala alephera, mwanayo amadya za tirigu kawirikawiri, kapena pali wachibale wodwala. Ife tikuona kuti zoopsa zili mbali ziwiri: kuthamangira kwa woombeza ndi matenda amene ali ndi dzina ndi chithandizo, ndi kudzipatsa wekha matenda chifukwa cha zowerenga pa intaneti, nkumaononga ndalama pa zakudya zodula zimene thupi silikuzifuna.

Chithandizo ndi chimodzi: kusala giluteni moyo wonse. Muyeso wake ndi wothina. Kafukufuku wa mu 2007 adaonetsa kuti mamiligalamu 50 pa tsiku, kwa masiku 90, ndi okwanira kuononga matumbo a wodwala, pamene chidutswa chimodzi cha buledi chimakhala ndi mamiligalamu 2,000 kapena kuposa. Nyenyeswa ndi zokwanira. Bungwe la Codex Alimentarius lidakhazikitsa mu 2008 kuti chakudya chotchedwa chopanda giluteni chisapitirire mamiligalamu 20 pa kilogalamu. Ana amachira msanga, koma matumbo a wamkulu angatenge chaka, ziwiri kapena kuposa.

Apa ife tili ndi mwayi umene Mtaliyana alibe. Nsima ya chimanga, kondowole, mpunga, mapira, mawere, mbatata, nthochi, nyemba, mtedza, usipa, nyama, mazira ndi masamba zilibe giluteni. Chigumu ndi zitumbuwa zilibenso, ngati wophika sadasakanizemo ufa wa tirigu. Msampha uli m'zobisika: mafuta amene akazingira mandasi nkukazingiramonso tchipisi, nsomba yoviika mu ufa, supu wa m'paketi, soseji, mowa wa balere, maheu amene ena amathiramo ufa wa tirigu kuti asase, ndiponso chigayo cha m'madera olima tirigu monga Tsangano ndi Neno. Mankhwala akufufuzidwa koma sadafike m'manja mwa odwala. Katemera wotchedwa Nexvax2 adalekedwa mu 2019, mankhwala a larazotide mu 2022, ndipo ena otsekereza transglutaminase, ZED1227, adaonetsa mu 2021 kuti amachepetsa kuonongeka kwa matumbo pa kuyesa kwa anthu ochepa.

Siliyaki ndi Ukalistia

Malamulo a Mpingo a mu 1983, pa nambala 924, amati mkate wa Misa ukhale wa tirigu yekha. Mkate wa mpunga, chimanga kapena chinangwa sungagwiritsidwe ntchito. Tsono funso limene akatekisiti angakumane nalo ndi ili: kodi mkate ukasanduka Thupi la Khristu ungadwalitsenso munthu? Yankho ndi inde. Mpingo umaphunzitsa kuti chimene chimasandulika ndi chenicheni cha mkate ndi vinyo, pamene maonekedwe, kukoma ndi mphamvu zake pa thupi la munthu zimatsala. Monga vinyo wodalitsidwa akhalabe ndi ukali wa vinyo, hostiya yodalitsidwa ikhalabe ndi giluteni, ndipo maselo a T aja adzaizindikira. Mkhristu amene akuopa kulandira hostiya wamba chifukwa cha siliyaki sakuchepa chikhulupiriro, ndipo kumuuza kuti angolandira molimba mtima ndi kulakwitsa chiphunzitso ndi kumuvulaza pamodzi.

Pa 24 July 2003, Kadinala Joseph Ratzinger, amene pambuyo pake adakhala Papa Benedict XVI, adalembera maepiskopi kalata yolongosola nkhaniyi. Hostiya yopandiratu giluteni siyiloledwa. Hostiya ya giluteni wochepa ndi yololedwa, malinga ngati yapangidwa ndi tirigu, ili ndi giluteni wokwanira kuti ukhale mkate, ndipo sadathiremo zinthu zachilendo. Mkhristu amene sangathe kulandira ngakhale imeneyi akhoza kulandira m'maonekedwe a vinyo okha. Episkopi ndiye amapereka chilolezo, ndipo chikhoza kukhala cha nthawi yonse imene vutolo lilipo. Kalatayo idatinso wansembe amene sangathe kulandira mkate ngakhale wa giluteni wochepa sangachite Misa yekha kapena kutsogolera Misa ya ansembe ambiri, ndipo idapempha kusamala kwambiri polandira ofuna unsembe amene ali ndi vutoli. Mu June 2017 Kadinala Robert Sarah, atapemphedwa ndi Papa Francis, adakumbutsa maepiskopi malamulo omwewa. Nyuzipepala zina zidalemba ngati Mpingo waletsa odwala siliyaki kulandira Ukalistia, koma kalatayo sidasinthe kanthu. Masisitere a Chibenedikito a ku Clyde, m'chigawo cha Missouri ku America, ndi ena mwa amene adapeza njira yophikira hostiya za giluteni wochepa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo ku Ulaya ziliponso zopangidwa ndi ufa wa tirigu wotsukidwa.

Wolandira vinyo yekha salandira theka. Msonkhano waukulu wa ku Trent udaphunzitsa mu 1551 kuti Khristu yense wathunthu ali m'maonekedwe a mkate ndiponso m'maonekedwe a vinyo, ndipo nambala 925 ya Malamulo a Mpingo imalola kulandira vinyo yekha pakakhala chifukwa chofunikira. Kusankha pakati pa hostiya ya giluteni wochepa ndi chikho kudalira malangizo a dokotala wa munthuyo, popeza hostiya yoteroyo giluteni ali momwemo ngakhale wochepetsetsa.

Zotsala ndi za manja. Hostiya yapaderayo isungidwe m'kabokosi kakekake kotseka ndipo idalitsidwe ili momwemo, osati m'mbale imodzi ndi zinzake. Woipereka akhale ndi zala zoyera, kapena wodwalayo alandire poyamba penipeni. Chikho cha wansembe si choyenera, chifukwa amagwetseramo kachidutswa ka hostiya asanalandire. Pafunika chikho china chaching'ono chimene simunaviikidwe mkate ndipo sadamwepo aliyense. Akatekisiti okonzekeretsa ana ku Ukalistia woyamba afunse makolo msanga ngati pali mwana amene dokotala adamuletsa tirigu, kuti bambo mfumu apemphe chilolezo ndi kuitanitsa hostiyazo nthawi ikadalipo. M'matchalitchi a kumidzi, kumene Lamulungu lambiri kumakhala mapemphero opanda wansembe, Magazi a Khristu sasungidwa m'tabernakulo. Kumeneko wodwala amene amatha kulandira hostiya ya giluteni wochepa aidalitsiridwe pa Misa yapitayo ndi kusungidwa padera m'kabokosi kolembedwa dzina lake, ndipo amene amalandira vinyo yekha adziwitsidwe tsiku limene wansembe adzabwere.